N'chifukwa Chiyani Betta Yaimuna Imamanga Chisa cha Thovu?

(Kamera iyandikire pakona ya thanki pamene pali thovu)

Taonani apa. Thovu limeneli musalione ngati uve kapena sopo wogweramo. Ndi chisa, ndipo mmisiri wake ndi uyu wa zipsepse zofiirayu, betta yaimuna.

Kwawo kwa nsombazi ndi ku Thailand, m'minda ya mpunga ndi m'madambo a m'chigwa cha mtsinje wa Chao Phraya. Dzikolo limazinyadira moti mu 2019 linazisankha kukhala nyama ya m'madzi yoimira dziko lawo. Madzi a kumeneko ndi osaya, ofunda, odekha, ndipo okosijeni ndi wochepa kwambiri. Betta payokha sivutika, chifukwa m'mutu mwake muli chiwalo choithandiza kupuma mpweya wapamwamba, monga muja achitira mlamba wathu pathope. Koma mazira alibe mwayi umenewo. Akagwera pansi pamatope, basi, aola.

(Tionetse pang'onopang'ono nsomba ikumeza mpweya)

Yang'anitsitsani kukamwako. Ikukwera, ikumeza mpweya, kenako ikulavula kathovu kokutidwa ndi malovu onanda. Malovuwo ndi amene amachititsa kuti tithovuto timatane ndiponso tisaphulike msanga. Kamodzikamodzi choncho, kwa maola ambiri, makamaka kunsi kwa tsamba loyandama kumene mphepo sifika.

Yaikazi ikabwera n'kukhutira, yaimuna imaikulunga ndi thupi lake pansi pa chisacho, mazira n'kuyamba kugwa. Pamenepa ndiye pamandigwira mtima. Bamboyu amatsika msangamsanga, kutola mazirawo ndi pakamwa asanafike pansi, n'kukawalavulira m'thovu muja. Akatha, mayi amathamangitsidwa, poti nthawi zambiri amadya mazira ake omwe. Ntchito yonse imatsalira bambo: kukonza pamene paphulika, kubwezera dzira lililonse logwa, kudya mazira owonongeka kuti asaoletse anzawo. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri tiana timaswa, n'kumalendewera m'chisamo michira ili pansi. Kakagwa kamodzi, bambo amakatola. Patapita masiku ena awiri kapena atatu timayamba kusambira tokha.

(Tibwerere pa wofotokoza)

Tsono inu amene mukuweta betta kunyumba, ndimvereni bwino. Yaimuna imamanga chisa ngakhale ili yokhayokha, osaonapo yaikazi chibadwire. Zikungosonyeza kuti yakhwima ndipo yakonzeka kubereka. Anthu ambiri akaona thovu amati nsomba yawo ikusangalala, n'kuisiyabe m'kabotolo kakang'ono ka madzi ozizira. Ayi ndithu, nsomba yovutika imathanso kumanga chisa. Ipatseni thanki ya malita pafupifupi 20, madzi ofunda a madigiri 25 mpaka 27, tsamba loyandama, ndi sefa yosavundula madzi kwambiri. Ndipo musaleke kusintha madzi poopa kugwetsa chisa. Chopanda mazira chikaphwanyika, palibe chaonongeka, idzamanganso china.