Kodi Feminizimu ndi Yachizungu? Zaluso Zochitira Limodzi Zikuyankha

Moni nonse amene mukutionera kuchokera ku Matero, ku Chawama, ku Mtendere muno mu Lusaka ndi kwina konse. Lero tikukamba za zaluso zochitira limodzi ndi mmene zimamasulira anthu pakamwa pa nkhani ya feminizimu. Chonde muonere mpaka kumapeto, chifukwa mfundo yachitatu ndi imene imandiwawa kwambiri.

Choyamba, zaluso zochitira limodzi ndi zija zimene woonera sangokhala pampando, koma amajambula nawo pakhoma, amasoka nawo nsalu, kapena amalowa m'sewero. Augusto Boal wa ku Brazil anatchuka ndi masewero amene woonera amatha kuwaimitsa pakati, n'kulowa m'malo mwa munthu woponderezedwa kuti asonyeze chimene iye akanachita.

Chachiwiri, feminizimu ndi kumenyera kuti mkazi akhale ndi ufulu, ulemu ndi mwayi wofanana ndi wa mwamuna.

Chachitatu ndi bodza lija lakuti zonsezi anabwera nazo azungu ndi mabungwe awo. Ndalimva m'basi, ndalimva pamaliro, ndipo ena a inu mwalilemba pansi pa mavidiyo athu. Abale anga, kodi nyimbo za pamtondo anazipeka ndani? Agogo athu akazi, akamasinja chimanga awiriawiri, ankaimba za mwamuna womwera mowa ndalama za banja, za apongozi ovuta, za mitala, ndipo mudzi wonse unkamva, mwini nkhaniyo n'kudziwa kuti akunena iyeyo. Wina ankayambitsa, anzake n'kupolokozera, wina n'kuwonjezera mawu ake. Limeneli ndi luso lochitira limodzi ndithu, ndipo linali bwalo la amayi lodandaulira poyera popanda wowagwira pakamwa. Onaninso mbusa za Abemba, zoumba zadothi zimene amaphunzitsira namwali, zomwe Agness Yombwe wa ku Livingstone wazigwiritsa ntchito m'zojambula zake pofuna kukamba nkhani zimene anthu amazibisa.

Ndipo ngati mukufuna dzina ndi chaka, nazi. Mu 1960, muno mu Lusaka, Mama Julia Chikamoneka anavula malaya pamaso pa Iain Macleod, nduna ya Britain yoyang'anira maiko a atsamunda, posonyeza kuti amayi atopa ndi ulamuliro wa azungu. Mayi amene anathamangitsa nawo atsamunda sangakhale kuti anaphunzitsidwa kulimba mtima ndi atsamunda omwewo. Chimene chinachitika n'chakuti mbiri ya amayi otere inakankhidwira kumbali, ndipo n'chifukwa chake Samba Yonga ndi Mulenga Kapwepwe anakhazikitsa Women's History Museum of Zambia, yosunga mbiri ya amayi a ku Zambia, pamene Gladys Kalichini wapanga zaluso zokumbutsa za Chikamoneka ndi Alice Lenshina, mayi amene anatsogolera mpingo wa Lumpa. Ngati simunadine batani la subscribe, dinani tsopano, ndipo vidiyoyi muitumize kwa amalume aja amene amakonda kutsutsa.

Chachinayi, n'chifukwa chiyani luso limatheka pamene msonkhano walephera? Lamulo loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi tili nalo kuyambira 2011, koma mayi sangaimirire pamaso pa apongozi ake n'kunena kuti amamenyedwa. Mukamupatsa singano ndi chidutswa cha chitenje, maso ake amakhala pa nsalu, ndipo amayamba ndi mawu akuti "pali mnzanga wina", mpaka mnzakeyo amasanduka iye mwini.

Chachisanu, mukafuna kuyesa luso lotereli kutchalitchi kapena kusukulu kwanu, khalani mozungulira, ndipo atsogoleri asakhale kutsogolo. Abambo abwere, koma nawonso agwire singano. Musajambule munthu ndi foni asanavomere, ndipo pakhale mlangizi wodziwa kumene angaperekeze mayi amene waulula nkhanza. Nthawi yabwino yoyambira ndi masiku 16 olimbana ndi nkhanza, kuyambira pa 25 Novembala mpaka pa 10 Disembala. Tilembereni pansipa nyimbo ya pamtondo imene agogo anu ankaimba, tidzaiwerenga m'vidiyo ya sabata yamawa.