Mfuti si chigayo, musaimwetse mafuta

Zikomo a Mfumu, zikomo makolo, ndi inu anyamata olondera nyama. Za sabata yatha mwazimva kale. Mvuu inatulukira m'dimba usiku, mnzathu n'kuloza m'mwamba kuti aiopseze. Mfuti inalira kamodzi, kachiwiri zii. Mwayi wake mvuuyo inabwerera yokha kumadzi. Mamawa anandibweretsera mfutiyo, nditatsegula ndinapeza m'kati muli phala lakuda bii, oyilo wa galimoto atasakanikirana ndi fumbi la Okutobala. Chala chinkamata ngati ndagwira ulimbo. Sinditchula dzina, mwini wake akudzidziwa, ndipo sali yekha.

Mfuti si chigayo. Chigayo mumachithira girisi mpaka kudontha. Mfuti imafuna mafuta pang'ono, pamalo pake, ndipo mtundu uliwonse uli ndi khalidwe lake.

Tiyambe ndi imene mumaikonda, AK-47, imene inadzaza m'malire muno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique isanathe mu 1992. Chipolopolo chikamathamanga mumpope, utsi wina umapatukira pa kabowo n'kukankha pisitoni, pisitoniyo n'kubweza zitsulo kumbuyo, kutaya khoko la chipolopolo chowomberedwacho, kulowetsa chipolopolo china. Mwaye wambiri umatsalira kutsogolo, kwa pisitoni. Kalashnikov, amene anaipanga, anasiyanso mipata pakati pa zitsulo, choncho mchenga pang'ono suimanga. N'chifukwa chake imapirira anthu aulesi. Koma pisitoniyo muisiye youma, mafuta pamenepo amangopsa n'kusanduka chikang'a.

M16 ya ku America ndi ina. Utsi umayenda m'kapaipi kakang'ono mpaka m'kati mwenimweni mwa zitsulo zoyenda. Ndiye kuti imaphikira m'chipinda chogona, mwaye wonse uli momwemo. Imeneyo ikauma imakana, imafuna mafuta ndithu pa bolt, chitsulo chimene chimakankha chipolopolo n'kutseka kumbuyo kwa mpope. Ku Vietnam asilikali ambiri anaipatsidwa popanda zotsukira zokwanira, wonga unali utasinthidwa, makoko n'kumakanirira m'kati nkhondo ili pakati. Nkhani inafika ku nyumba ya malamulo ya dzikolo mu 1967. Anthu anafa chifukwa cha mfuti zokana, anzanga, ndipo kusatsuka kunali chimodzi mwa zifukwa zake.

G3 ya ku Germany, imene ena a ife tinanyamula tili anyamata, ilibe pisitoni. Timawilo tiwiri timachedwetsa bolt kuti isatseguke msanga. Imada kwambiri koma imayenda. Ndiye pali zakale zokoka ndi dzanja, .303 ija, ndi zazikulu za njovu monga .458. Izo dzanja lanu ndiye injini. Kadontho kamodzi, pukutani, basi.

Eya, achimwene kumbuyoko, mwati bwanji? Mpope ukatha, bwanji osangochotsa wa mfuti ina n'kuika? Funso labwino, khalani pansi ndikuyankheni bwinobwino.

Zilipo mfuti zimene anazipangira zimenezo. Mfuti yachiwaya ngati FN MAG ya ku Belgium mpope wake uli ndi chogwirira, chifukwa ukalavula zipolopolo zambiri umatentha moti sungaugwire, ndiye amaugulula n'kuika wina pa kamphindi. Koma ngakhale imeneyo, mipope yake amaiyezera mfuti yakeyo. Alenje olemera a ku Ulaya ali ndi Blaser R8, lero mpope wa gwape, mawa wa njati. Anaipanga dala kuti bolt izikola mumpope mwenimwenimo. AK siili choncho. Pa AK zambiri mpope anaukhomerera ndi makina n'kuupinga ndi kachitsulo, si ntchito ya pansi pa mtengo wa mango. Pakati pa nkhope ya bolt ndi pokhala chipolopolo pali mpata umene amauyeza ndi zida zake. Ukakula pang'ono chabe, khoko limang'ambika, moto n'kubwerera kumaso kwanu. Ndinaona ndi maso anga, tili pa maphunziro kalekale, anyamata awiri anasinthana ma bolt potsuka chifukwa anaunjika zitsulo pa nsalu imodzi. Mphunzitsi anaziona pa manambala asanawombere, n'kuwathamangitsa mpaka dzuwa kulowa. Tinkaseka, koma anawapulumutsa maso. Ndiponso musanamizidwe ndi nambala ya 7.62, yonena kukula kwa chipolopolo. Ya AK ndi 7.62x39, ya G3 ndi 7.62x51, si pachibale ayi. Choncho mfuti ikavuta, ibwezeni kwa wokonza zida wa boma. Osati kwa wowotcherera pa msika, zimenezo ndi za gogodela zodula zala.

Ndaona amayi ayamba kuyang'ana dzuwa, ndifulumire. Chotsani magazini, mokhala zipolopolo muja, kokani bolt, yang'anani ndi diso kuti mulibe kanthu, mpope uloze pansi kopanda munthu. Aliyense nsalu yake, zitsulo zisasakanizike. Tsukani mumpope, pititsani kansalu kouma pomaliza, chifukwa mafuta otsalira mmenemo ndi oopsa powombera. Suzumirani muone kuwala, mavu aja omanga ndi dothi amakonda mumpope, ndipo ena inu mumatsekapo kansanza n'kuiwala. Mafuta a mfuti okha, a kazinga ayi, oyilo wakuda ayi. Nyengo ya fumbi chepetsani, ya mvula pukutani kunja tsiku ndi tsiku kuopa dzimbiri. Ndanena, mfuti si chigayo. Mukatha, ibwerere kosungira, ana asaione n'komwe.

Inu atatu a usiku uno, bweretsani zanu pano ndizione musanapite.