Chitini chomwe chinayang'ana dzuwa kwa miyezi 6

Moni abale anga kulikonse kumene mukundimvera. Ndikulankhula kuchokera ku Glasgow, mzinda wa ku Scotland, ndipo mukamva mvula ikuwomba pazenera mundikhululukire, kuno ndi mmene kumakhalira.

Lero ndikufuna ndikuuzeni za chitini.

Chaka changa choyamba kuno, mwezi wa Disembala unandizunza. Dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa, 4 koloko isanakwane lalowa kale. Maola 7 okha, ndipo ambiri mwa iwo kumwamba kuli mitambo yokhayokha. Ine ndimagwira ntchito yausiku yosamalira okalamba, ndiye ndinkaweruka kudakali mdima, podzuka n'kupeza kwadanso. Ndinkauza aliyense pafoni kuti dziko lino lilibe dzuwa, ndipo mtima unkandilemera zedi.

Pamwamba pa chipinda changa pamakhala mayi ena ojambula zithunzi ndi mafilimu. Tsiku lina ndinawapeza kuseri kwa nyumba akumangirira chitini cha mowa pa paipi ya madzi amvula. Ndinati, "Mayi, chimenechi n'chiyani?" Anati ndi kamera.

Anandionetsa mmene amapangira. Amadula chitini kumutu, m'mbali n'kuboola kabowo kamodzi ndi singano. Mkati amapindiramo pepala la zithunzi lomwe limamva kuwala, moyang'anizana ndi kabowoko, kenako n'kumata ndi tepi yakuda. Kabowo kayenera kuloza kummwera, poti kuno dzuwa limadzera mbali imeneyo. Mulibe lenzi, mulibe batire. Amachipachika pa 21 Disembala, tsiku lalifupi kwambiri pachaka, n'kudzachitsitsa pa 21 Juni pamene kumawala maola opitirira 17. Anandipatsa changa, ndinachimangirira kunja kwa zenera ili ndakhala pafupi naloli.

Kunena zoona, ndinachiiwala.

Juni atafika anabwera okha kudzagogoda. Tinatsegula chitinicho m'chipinda chawo atatseka makatani. Pepala lotere silichapidwa m'mankhwala ayi, likhoza kungoda lonse. Amaliika pa sikana kamodzi kokha, chifukwa kuwala kwa sikanayo kumayamba kuwononga chithunzi, kenako pakompyuta amatembenuza kuti poda pakhale powala.

Abale anga, zimene ndinaona! Madenga a nyumba za tsidya la msewu ali chilili, mulibe munthu kapena galimoto, poti chilichonse choyenda sichisiya chizindikiro. Koma pamwamba pake pali mizere yopindika ngati uta, yosanjikizana, ndipo mzere uliwonse ndi ulendo wa dzuwa wa tsiku limodzi. Yam'munsi, yaifupi, ndi ya nyengo yozizira. Yam'mwamba ndi ya chilimwe, ina inachita kusefukira kunja kwa pepala. Pomwe mzere waduka ndi pomwe mtambo unadutsa.

Pangodya ina madzi anali atalowa, nkhungu n'kudyapo. Ndinadandaula kuti ndinamata molakwika. Iwo anakana, amvekere mvulayo nayo inali nawo pa ntchito, bwanji tiichotsemo? Apa m'pamene ndinamvetsa kajambulidwe kawo. Safuna kulamulira chilichonse. Amakonza malo, kenako gawo lina la ntchito amalisiyira nyengo. Mafilimu awo ndi chimodzimodzi: amatenga filimu ya 16mm, ija yokhala ngati lamba wa tizithunzi, n'kumaikanda ndi singano kachithunzi kamodzikamodzi. Sekondi imodzi imadya tizithunzi 24, ndiye mphindi imodzi yokha ndi 1,440, zonse ndi manja. Ina amaichapa ndi khofi, soda wochapira ndi vitamini C. Ena amati n'kutaya nthawi. Ine ayi, chifukwa foni yangayi ili ndi zithunzi zambirimbiri zimene sindinaziyang'anenso, pomwe chimodzi chija ndinakhala nacho pamaso madzulo onse.

Ndinalondola ndi chala mizere yam'munsi ija, ya masabata amene ndinkati kulibe dzuwa. Inalipo. Yaifupi, yodukaduka, ina ngati timadontho chabe, koma inalipo. Linkadutsa pazenera langa ine ndili mtulo. Misozi inalengeza, mayi aja sananene kanthu, anangopita kukatereka ketulo.

Chaka chino ndapempha chilolezo kuntchito, ndapachika china pazenera la m'chipinda chochezera. Agogo ena amene tulo timawavuta amandiitana pakati pausiku kuti ndikaone ngati mphepo sinachigwetse. Ndimapita ndi tochi, n'kubwera kudzawauza kuti chikadalipo. Tagwirizana kuti Juni akafika tidzatsegulira limodzi.

Tsalani bwino, tidzachezanso sabata yamawa.