Pakatikati pa Dziko, Sikelo Ingawerenge Ziro

Moni nonse, takulandiraninso! Lero tikukumba. Osati chitsime ayi, tikulowera pakatikati pa dziko lapansi, makilomita 6,371 kuchokera pamene mwakhalapo.

Choyamba, mwachangu: kulemera kwanu ndi mphamvu imene dziko likukukokani nayo. Basi, tapitirira.

Chachiwiri, apa mundilole ndichedwepo, chifukwa bodza ili limandipweteka mutu. Amati ukamatsika pansi umangolemeralemera, mpaka pakatipo mphamvu yokoka imakuphwanya. Ayi ndithu, abale anga! Taganizani zokokana chingwe, magulu awiri ofanana mphamvu. Chingwe chimasuntha? Ndiye mukafika pakati, dziko lakuzingani mbali zonse. Miyala ndi chitsulo zakumanja zikukoka, zakumanzere zikukokanso chimodzimodzi, kumutu ndi kumapazi n'chimodzimodzi. Mupita kuti? Mungoyandama. Ziro! Masamu ake Isaac Newton anawalemba kale mu 1687, koma mpaka lero anthu akukanganabe m'minibasi.

Komabe bodzali lili ndi kachoonadi pang'ono. Pa makilomita 2,900 pansi, munthu wa makilogalamu 60 sikelo ingamuonetse pafupifupi 65, chifukwa wayandikira chigawo chachitsulo cholemera kwambiri. Akangodutsa pamenepo, kulemera kumayamba kuchepa mpaka kutheratu. Amene munati "ndimadziwa kale", ndakuonani.

Ngati simunadine subscribe, dinani pano, ndikudikirani. Mwadina? Zikomo.

Chachitatu: nanga chingakuphwanyeni n'chiyani? Kupanikizika. Funsani thumba la chimanga limene lili pansi penipeni pa mulu. Pakati pa dziko, chilichonse chili pamwamba chikukanikizira pamenepo, moti mphamvu yake imaposa ya mpweya umene watizungulirawu maulendo pafupifupi 3.6 miliyoni. N'chifukwa chake chitsulo chapakatikati n'cholimba gwa, ngakhale kutentha kumeneko kumapitirira madigiri 5,000. Chikufuna kusungunuka koma chapanikizika. Anatulukira chigawo chimenechi ndi Inge Lehmann wa ku Denmark mu 1936, pongofufuza mafunde a zivomezi.

Chachinayi, kachidule: palibe anafikako. Dzenje la Kola ku Russia linathera pa mamita 12,262 mu 1989, ngati kungokanda khungu la dzungu.

Vidiyo yotsatira tikupita ku Jupiter, kumene mulibe n'pomwe poponda. Tumizirani mnzanu uja wamakani vidiyoyi, tionana!