Makalata a omvera: nsambo za gitala zikatopa

Kalata yoyamba lero yachokera ku Mabvuku, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Bambo awa akuti: "Ndimaimba gitala m'kwaya ya kutchalitchi kwathu. Nsambo ndinaika chaka chatha ndipo palibe yomwe yaduka, koma masiku ano ndikachuna, tisanamalize n'komwe nyimbo yachiwiri imakhala yasokonekera kale. Amayi am'kwaya ayamba kundiyang'ana cham'mbali. Kodi gitala yanga yatha?"

Ayi bambo, gitala yanu ilibe mlandu, zatopa ndi nsambozo. Ambirife timadikira kuti nsambo iduke kaye, pamene mawu ake anafa kalekale. Thukuta la m'zala lili ndi mchere, ndiye mcherewo pamodzi ndi litsiro zimalowa m'mizere ya nsambo zikuluzikulu zokulungidwa zija, kulira kwake n'kukhala ngati kwa munthu wachimfine. Zing'onozing'ono zimagwidwa dzimbiri, makamaka nthawi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi. Yendetsani chala kunsi kwa nsambo. Mukamva kukhakhala, kapena timaenje pomwe imagunda tizitsulo ta pakhosi la gitala, nsamboyo siyingachunikenso bwino. Inu amene mumaimba Lamulungu lililonse komanso pokonzekera mkati mwa sabata, ine ndinganene kuti miyezi itatu kapena inayi yakwana. Musinthe zonse zisanu ndi imodzi, chifukwa yatsopano imodzi pakati pa zakale imafuula yokha. Mukamasintha muzichotsa imodziimodzi, ndipo musadzachite zimenezi Loweruka usiku. Nsambo zatsopano zimatamuka, zimafuna masiku awiri kapena atatu kuti zikhazikike. Mukatha kuimba muzizipukuta ndi kansalu kouma. Amayiwo muwapatse moni, makutu awo ndi akuthwa.

Wina ndi mnyamata wa ku Epworth, kufupi ndi Harare, watumiza pa WhatsApp: "Ankolo, ndimaimba gitala ya bezi m'kagulu kathu ka sungura. Nsambo zake n'zodula zedi. Anzanga akuti ndiziwiritse m'madzi, ndi zoona kapena akundiseka?"

Sakukuseka mphwanga, oimba bezi ambiri amachitadi zimenezo. Madzi otentha amachotsa mafuta ndi litsiro, ndiye kulira kumabwerera, ndipo pa sungura, nyimbo zovina za ku Zimbabwe zija, bezi ikapanda kumveka bwino anthu amakhala pansi. Koma uziumitse bwinobwino usanazibwezeretse, apo ayi wadziitanira dzimbiri. Sizikhalitsanso ayi. Chitsulo chotopa madzi sangachitsitsimutse, ndipo kumasula ndi kumanganso kumafooketsa nsambo pomwe imapindika pa chochunira. Wiritsa kamodzi, kwinaku ukusunga ndalama. Mpoto wake usakhale wa nsima wa amayi ako.

Mayi a ku Dzivarasekwa, ku Harare komweko, akufunsa ngati angaike nsambo zachitsulo pa gitala ya mwana wawo yomwe inabwera ndi za nayiloni. Musayese mayi. Zachitsulo zimakoka mwamphamvu kwambiri, khosi la gitala lipindika ndipo kathabwa komangirapo nsambo kangathe kumatuka. Mugule za nayiloni zomwezo.