Fuel pulsation damper: ntchito yake, ndi bodza la kabawuti kapamwamba pake

Moni nonse amene mukuonera, kaya muli kuno ku Mulanje, ku Thyolo, ku Limbe, kapena muli ku Johannesburg mukusonkhanitsa ndalama zodzagulira galimoto. Kanthu kamene ndanyamula m'dzanja langaka, kooneka ngati kachitini kakang'ono, dzina lake ndi fuel pulsation damper, ndipo cholinga changa nchakuti vidiyo ino ikamatha pasapezekenso munthu wokapotokola kabawuti kamene kali pamwamba pakepa. Tisanapite patali, dinani batani lofiira lili m'munsimo pamodzi ndi kabelu kake, kuti tikaika vidiyo yatsopano foni yanu izikudziwitsani.

Zoyambirira ndizithamangira chifukwa ambiri mukuzidziwa. Galimoto za petulo zimene timaitanitsa ku Japan, monga Sienta, Vitz ndi Probox, zilibe kabuleta. Pampu yamagetsi imene ili m'thanki imakankha petulo mpaka afike m'paipi yogona pa injini, imene amakaniko amaitcha rail, ndipo puresha ya m'menemo imakhala pafupifupi 3 bar, kuposa mpweya umene mumapopera m'matayala a galimoto yaing'ono. Pansi pa rail pali mainjekita, omwe amathira petulo mu injini, amene kompyuta ya galimoto imawatsegula ndi kuwatseka. Injekita iliyonse imatsegula kamodzi injini ikazungulira kawiri, choncho injini ikamazungulira maulendo 3,000 pa mphindi, injekita imodzi imatsegula maulendo 25 pa sekondi, ndipo zinayi pamodzi zimakwana maulendo 100 pa sekondi imodzi yokha.

Tsopano taganizirani za mpopi wa kwanu. Ife a kuno, amene madzi athu amatsika okha kuchokera m'phiri, tikudziwa kuti ukatseka mpopi mwadzidzidzi madzi ali ndi mphamvu, paipi imagunda pakhoma ngati munthu waimenya ndi hamala. Madzi safinyika, ndiye akaimitsidwa mwadzidzidzi, mphamvu yake imabwerera m'mbuyo ngati funde. Petulo nayenso safinyika kwenikweni. Injekita ikatsegula puresha ya mu rail imatsika, ikatseka puresha imalumpha, ndipo mafunde amenewa amathamanga uku ndi uku, kotero kuti silinda ina ikhoza kulandira petulo wochepa pamene inzake ikulandira wochuluka, ngakhale kompyuta yazitsegulira nthawi yofanana. Puresha ikatsika ndi magawo 10 pa 100 alionse, petulo wotuluka mu injekita amachepa ndi magawo pafupifupi 5.

[Kamera iyandikire pa damper yodulidwa pakati.]

Iyi ndinaicheka dala ndi sowo kuti muone m'kati. Muli kachikopa ka mphira ndi sipuling'i basi. Funde likafika, kachikopa kamakankhika, sipuling'i imafinyika, ndipo petulo amapeza malo othawirako pang'ono. Puresha ikatsika, sipuling'i imabweza petulo uja mu rail. Mulibe waya, mulibe paipi yopita ku thanki, ndipo mulibe chilichonse chimene kompyuta imawerenga.

Tafika pamene pamanditentha mtima. Pali bodza limene lakhazikika m'magalaja a pansi pa mitengo ndiponso m'masiteji a matakisi, kuchokera ku Bvumbwe mpaka ku Muloza, lonena kuti kachitini aka ndi regulator, ndipo kuti ukachotsa chivindikiro chake chapulasitiki nkumanga kabawuti kapamwamba, puresha imakwera ndipo galimoto imakwera zitunda za ku Thyolo osatsitsa giya. Ena amanena motembenuza, kuti ukakamasula pang'ono galimoto imamwa petulo wochepa. Akuluakulu, zonse ziwirizi nzabodza, ndipo ndikufotokozerani chifukwa chake mwachifatse.

Regulator ndi damper zimafanana nkhope, chifukwa zonse ndi tizitini tokhala ndi kachikopa ndi sipuling'i, koma ntchito zake nzosiyana. Regulator ili ndi khomo. Puresha ikapitirira mlingo umene opanga galimoto anaika, khomolo limatseguka ndipo petulo wotsala amabwerera ku thanki, nchifukwa chake pa injini zakale regulator mumaipeza ili ndi paipi yobwezera petulo komanso, kawirikawiri, kapaipi ka mphira kochokera ku manifold, njira yolowera mpweya mu injini. Damper ilibe khomo lililonse, ndipo petulo akalowamo amatulukira pomwe analowera. Ndiye tandiuzani, achimwene, chinthu chopanda potayira petulo chingatsitse bwanji puresha, nanga chopanda pampu chingaikweze bwanji? Kuwonjezera apo, pa galimoto zambiri zimene zinapangidwa cha m'ma 2000 kubwera kuno, regulator inasamutsidwira m'thanki, pamodzi ndi pampu, ndipo ku injini kumangopita paipi imodzi yosabwerera. Munthu akatsegula boneti nkuona kachitini kamodzi kokha pa rail, amathamangira kunena kuti wapeza regulator, chonsecho regulator yeniyeni ili kumbuyo, m'kati mwa petulo.

Kabawuti kaja, kamene mumakapeza makamaka pa injini zakale za Toyota, kamayenda pamodzi ndi kachikopa. Mu rail mukakhala puresha kamatukuka, puresha ikatha kamatsika, ndipo makaniko wodziwa ntchito amangokayang'ana kuti adziwe ngati pampu ikukankha. Si kosinthira kanthu ayi. Mukakapotokola mukhoza kung'amba kachikopa, kapena kukasiya kolowa mphepo nkudzagwa m'njira, ndipo pamenepo petulo amayamba kutuluka pamwamba pa injini yotentha.

Miyezi ingapo yapitayo pagalaja panga pano panafika bambo wina woyendetsa takisi pakati pa Luchenza ndi Chitakale. Asanazimitse nkomwe injini, fungo la petulo linali litafika kale pamene ndinakhala. Titatsegula boneti tinapeza chivindikiro palibe, mutu wa kabawuti utaphwanyika ndi sikuludiraiva, ndipo pozungulira pake atamata guluu wakuda amene petulo anali atamufewetsa kale ngati phala. Anandiuza kuti mnzawo wina anawakonzera kuti galimoto izikoka bwino. Tinaika geji, ndipo puresha inali yotsika ndithu, koma wolakwa anali sefa ya pampu, imene inali itatsekeka ndi zinyalala za petulo wa m'zigubu amene ankagula nthawi ya kusowa kwa mafuta. Damper inali yabwinobwino mpaka tsiku limene anaikhudza. Ngati nanunso munauzidwapo bodza limeneli, lembani m'munsimu kuti munalimva kuti, koma musatchule dzina la munthu, chonde.

Palinso ena amene amaichotseratu nkutsekapo ndi bawuti, nkumati onani, galimoto ikulira. Inde ilira, ndipo mwina simuona kusintha tsiku lomwelo, koma mwabwezera mafunde onse aja ku mainjekita, ku mapaipi ndi ku malo olumikizira.

Nanga mungadziwe bwanji kuti yanu yatha? Choyamba, nunkhizani. Mphira amauma ndi kutentha komanso ukalamba, ndipo kudontha ndilo vuto limene damper imabwera nalo kawirikawiri. Mukaona chinyezi kapena dothi lonyowa lomatirira pa kachitinika, musayendetsenso galimotoyo, ngakhale mutakhala kuti mwanyamula anthu.

Chachiwiri, mvetserani kugogoda kothamanga kochokera m'paipi ya petulo, kumene nthawi zina kumamveka m'kati mwa galimoto injini ikamalira poima.

Chachitatu, ikani geji ya puresha. Singano ikamanjenjemera kwambiri m'malo mokhazikika, damper ikhoza kukhala kuti yauma. Koma singano ikakhazikika pamalo otsika, kafufuzeni pampu, sefa kapena regulator, ndipo kachitinika kasiyeni. Geji imeneyi pagalaja pathu pano pa Chitakale tili nayo, ndipo kuyeza sikutenga mphindi 20. Uthenga titumizireni pa tsamba lathu la Facebook.

Tsopano za kuchotsa damper yakutha nkuikapo ina, ndipo apa musachite phuma. Dikirani injini izizire, zulani fyuzi ya pampu, lizani injini mpaka izime yokha kuti puresha ithe, kenaka chotsani waya wa negative pa batire. Kulungani kansanza pozungulira musanamasule, chifukwa petulo wina amatsalirabe, ndipo wosuta fodya aime kutali. Ikani mawasha kapena kamphira katsopano, osabwezera zakale ngakhale zikuoneka zabwino, ndipo mangani pa mlingo umene buku la galimoto yanu likunena. Mukamaliza, bwezerani fyuzi ndi batire, lizani injini, ndipo yang'anitsitsani ngati pakudontha musanatseke boneti.

Mukafufuza pa rail nkusowa kachitinika musadabwe. Injini zina zinapangidwa ndi damper yobisika m'kati mwa rail, zina makoma a rail yeniyeniyo ndiwo amafutukuka pang'ono nkumeza mafunde. Pa injini zimene zimathira petulo m'silinda mwenimweni, monga GDI ya Mitsubishi ndi D-4 ya Toyota, pamakhala pampu yachiwiri yoyendetsedwa ndi camshaft, chitsulo chozungulira chimene chimatsegula mavavu a injini, ndipo puresha yake imaposa ya 3 bar ija maulendo ambirimbiri, choncho mapaipi ake musawamasule kunyumba. Za injini zimenezo tidzakambirana Lachisanu likubwerali, ndipo vidiyo yophunzitsa kutsuka sefa ya pampu ndi iyo ikuoneka kumanja kwanuyo.