Mawu a M'mawa: Kamwana ka nkhosa ka Natani ndi ife ozukuta nkhani

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? M'mawa uno tiwerenge 2 Samueli 12:1-13, ndipo amene muli ndi mpata muyambire pa mutu 11.

Ife amene tikuphunzira za mabuku ndi kalembedwe ku koleji, ntchito yathu ya tsiku ndi tsiku ndi kuzukuta anthu a m'nkhani. Aphunzitsi akatipatsa nkhani yaifupi kapena sewero, mafunso ake amakhala omwewo: mpangankhani uyu ndi wamakhalidwe otani, chamuchititsa zimenezi n'chiyani, umboni wake uli pa ndime iti? Pakapita nthawi maso amatseguka. Wadyera timamudziwa tsamba loyamba lisanathe, wachinyengo timamukola ndi mawu ake omwe. Luso limeneli ndimalikonda, ndipo ndimathokoza Mulungu polipeza. Koma lili ndi ngozi yake. Limatizoloweza kukhala pa mpando woweruza, wolakwa n'kumakhala wina wake wa m'buku nthawi zonse.

Davide anali mlembi, mlakatuli weniweni, ndipo masalmo ambiri ali ndi dzina lake. Koma pa 2 Samueli 11:14-15 dzanja lomwelo likulemba kalata kwa Yowabu, mkulu wa asilikali. Kalatayo ikuti amuike Uriya, msilikali amene Davide anachita chigololo ndi mkazi wake Bateseba, kutsogolo kumene nkhondo yafika povuta, kenako amusiye yekha kuti aphedwe. Wonyamula kalatayo ndi Uriya mwini wake. Anayenda nayo kuchokera ku Yerusalemu mpaka ku Raba kumene kunali nkhondo, osadziwa kuti wanyamula imfa yake. Kalata yaifupi, yomveka bwino, ndipo zimene inalamula zinachitikadi. Pamenepa ine ndimachita mantha, chifukwa zimene timalimbikira kuphunzira m'kalasi, kulemba mosazungulira ndi momveka, zingathe kugwira ntchito yakupha munthu wosalakwa.

Yehova atatuma Natani, mneneriyo sanayambe ndi kutchula chigololo kapena kupha. Anabwera ndi nkhani. Taonani kamangidwe kake. Anthu awiri a m'mzinda umodzi, onse opanda mayina. Za wolemera akungonena mwachidule kuti anali ndi nkhosa ndi ng'ombe zambirimbiri, basi. Koma pa wosaukayo Natani akuchedwerapo. Anali ndi kamwana ka nkhosa kakakazi kamodzi kokha, kochita kugula. Kanakulira pamodzi ndi ana ake, kankadya chakudya chake chomwecho, kankamwera m'chikho chake, kankagona pachifuwa pake, kanali ngati mwana wake wamkazi. Natani sananene kuti munthuyo ankakakonda kwambiri. Anangotionetsa chikhocho, ndipo aliyense womva amadziwa yekha kuti kankhosako kakaphedwa, m'nyumbamo mugwa maliro. Ndipo wolemera uja atalandira mlendo, analanda kankhosa komweko n'kumuphera mlendoyo. Aphunzitsi athu amabwereza zimenezi kawirikawiri akamatibwezera zolemba zathu zitadzaza inki yofiira, kuti tionetseni chinthucho, musamangotiuza.

Komanso Natani ankamudziwa womvera wake. Davide anakulira kubusa. Iye mwini anauza Sauli kuti mkango kapena chimbalangondo zikagwira mwana wa nkhosa, ankazithamangira n'kumulanditsa m'kamwa mwake (1 Samueli 17:34-35). Munthu wotere sakanamva za kankhosa kolandidwa mtima uli m'malo.

Ndipo Davide anaizukuta bwino nkhaniyo. Anapsa mtima, anati wochita zimenezi ayenera kufa, ndipo abweze nkhosa zinayi. Zinayizo sanazitole pena paliponse, ndi lamulo la pa Eksodo 22:1. Anaona ngakhale gwero la tchimolo, kuti munthuyo analibe chifundo. Yankho lonse linali lolondola. Chimene sanaone n'chakuti wolemera uja anali iye, mpaka Natani anachita kumuuza pamaso kuti munthuyo ndi inuyo.

Abale, ambirife timawerenga Baibulo m'mene Davide anamvera nkhaniyi. Timadziwa kuti Afarisi anali onyada, kuti Yudasi ankakonda ndalama, kuti wansembe ndi Mlevi anamulambalala wovulala uja pa msewu wa ku Yeriko. Ulaliki ukamapita, m'mutu timakhala tikuwerenga mayina a anthu amene akanayenera kuumva. Ophunzirafe ndiye zimativuta koposa, poti chimangirizo chilichonse timachilemba motalikira, "wolemba akuonetsa kuti", "mpangankhani akulephera kuzindikira kuti". M'kalasi n'zoyenera kutero, ndipo malikisi amabwera motero. Koma kalankhulidwe kameneka tikalowa nako m'pemphero, tingathe kumaliza Baibulo lonse tchimo lathu lisanatchulidwe ndi kamodzi komwe.

Davide sanakangane ndi Natani, sanafunse umboni, sanatchule za mphamvu za ufumu. Anati wachimwira Yehova. Ndipo analembanso. Mawu a pamwamba pa Salmo 51 amanena kuti analilemba Natani atabwera kwa iye pa nkhani ya Bateseba. Muliwerenge pang'onopang'ono, muone m'mene akudzitchulira: zolakwa zanga, tchimo langa, munditsuke, mundilengere mtima woyera. Mulibemo "munthu wina wake". Pa vesi 14 akupempha kuti Mulungu amulanditse ku mlandu wa magazi, ndiye kuti sakubisanso zimene kalata ija inachita.

Sindikunena kuti zonse zinathera pomwepo. Natani anamuuza kuti tchimo lake lachotsedwa ndipo sadzafa, komabe mwana amene Bateseba anamubalira anamwalira, ndipo lupanga silinachoke m'nyumba mwake. Uriya sanabwerere. Zina zimene timalemba, kaya pa pepala kaya pa foni, zikatuluka m'manja mwathu sizibwezeka, ngakhale Mulungu atatikhululukira.

Tipemphere. Atate, lero ena a ife tikalemba mayeso, ena makalata a ku ntchito, ena mauthenga kwa abale. Gwirani manja athu kuti tisalembe chopweteka munthu wosalakwa. Tikamawerenga Mawu anu n'kupsera mtima wochimwa wa m'menemo, titumizireni Natani, ndipo mutipatse mtima womumvera. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.